ZA KUOKA NTHAMBI KUTI ZIKHALE MATSINDE A MITENGO YA ZIPATSO

Inu eni nyumba a ku Bangula, ndi a midzi yonse ya m'cigwa ca Shire kuyambira ku Chikwawa kufikira ku Nsanje, mudziwa kale kuti ziripo mbeu zina zimene sitifesa njere zace. Cinangwa mubzala mitengo yace. Nzimbe mukwirira zidutswa za mfundo ziwiri kapena zitatu. Ndipo nsangowa, umene anthu a kumtunda amaucha cam'mwamba, mungozika nthambi zace m'mbali mwa bwalo, nizimera, nizisanduka mpanda. Cifukwa cace ambiri afunsa kuti, Nanga mandimu, malalanje, magwafa, mango ndi masau, sitingathe kucita nayo comweco kodi? Mitengo ina mwa iyi ilola, koma ina ikana ndithu. Ndipo ngakhale pa iyo yolola ciripo cimene mupindula, ciriponso cimene mutaya. Muyenera kudziwa zonse ziwiri musanatenge mpeni, pakuti nchito iyi idya mvula ziwiri mtengo usanalowe m'munda.

MITENGO IWIRI M'THUPI LIMODZI

Mtengo wa malalanje kapena wa manacesi wocokera ku nazale yabwino suli mtengo umodzi, koma iwiri yolumikizidwa. Wapansi, ndiwo mizu ndi kathunthu kakafupi, tiucha tsinde. Wapamwamba, umene ucita nthambi ndi kubala zipatso, unamera pa diso limodzi kapena kanthambi kamodzi kotengedwa ku mtengo wodziwika kukoma kwace. Kulumikiza kumeneku ndiko kumezanitsa, ndipo ambiri lero amati kukwatitsa. Amene awerenga Buku Lopatulika akumbukira kuti Paulo afanizira za nchito yomweyi pa mtengo wa azitona, m'kalata wace wa kwa Aroma, mutu 11. Kungoti iye aika nthambi ya kuthengo pa tsinde la m'munda, pamene mlimi aika nthambi ya m'munda pa tsinde lolimba ngati la kuthengo.

Ticita comweco pa zifukwa ziwiri. Coyamba, mtengo womezanitsa ufulumira kubala: malalanje pa zaka 3 kapena 4, pamene ofesa njere acedwa zaka 6 kapena kuposa, nakhalanso ndi minga yambiri. Caciwiri, ndico cacikuru kuno, tsinde ndilo likomana ndi nthaka. Ilo ndilo lipirira cilala, kapena kulephera. Ilo ndilo limwa madzi a mcere. Ilo ndilo ligwidwa ndi nthenda za m'dothi. Wogula pamsika ayang'ana cipatso, koma mwini munda ayang'ane mizu.

Taonani cimene cinacitika kwina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 alimi a ku South Africa anaona kuti malalanje omezanitsidwa pa tsinde la malalanje owawa anali kufota ndi kufa, koma omezanitsidwa pa mandimu a khungu lokakala anakhala bwino. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 nthenda yomweyo inapha mitengo mamiliyoni ku Argentina ndi ku Brazil, ndipo anaicha tristeza, ndiko kunena cisoni m'Cipwitikizi. Iyenda ndi nsabwe zakuda za m'masamba, iyendanso ndi nthambi zimene anthu apatsana. Mandimu a khungu lokakala aja ndiwo omwewa ali wamba m'midzi yathu, amene ana aponyerana ngati mpira. Apirira tristeza, apirira cilala, akonda nthaka ya mcenga. Koma saukonda mcere, ndipo aola patsinde madzi akaima nthawi yaitali.

COPINDULA NDI COTAYA

Tsinde lingathe kucokera ku njere kapena ku nthambi. La ku nthambi liri ndi ubwino uwu, kuti lifanana ndi mace m'zonse, monga cinangwa cifanana ndi munda umene munatengako mitengo. Ngati pamudzi panu pali mtengo wa mandimu umene unapyola cilala osauma, kapena unaima m'madzi a cigumula masiku angapo nukhalabe moyo pamene inzace inafa, nthambi zace zidzatenga mtima womwewo. Ndiponso nthambi zipezeka nthawi imene njere palibe. Pakuti njere za mandimu sizisungika monga cimanga, zikauma kwambiri zifa.

Koma cotaya ndi ici. Mbande ya njere iyamba ndi muzu umodzi waukuru wolunjika pansi, umene utsata cinyezi pamene nthaka ya pamwamba yauma gwa. Nthambi iribe muzu wotere. Ituruka mizu yambiri yaing'ono yoyenda cammbali. Ku Thyolo kapena ku Mulanje, kumene mvula icuruka, kusiyana kumeneku nkwakung'ono. Kuno, kumene mvula ileka mu Marici kapena Epulo, ndi kusabweranso kufikira Novembala kapena Disembala, nkwakukuru. Mtengo wa tsinde la nthambi ufuna kuthirira kawiri kawiri pa zaka zace zoyamba, ndipo namondwe saubvutikira kuupendeketsa.

Cotaya cina, nthambi itenga nthenda zonse za mace. Njere sizinyamula tristeza, nthambi zinyamula. Comweconso nthenda ija yocititsa masamba mawanga acikasu, ndi zipatso zazing'ono, zopotoka, zowawa, zosapsa mbali imodzi: iyo ikonda maiko ozizira a kumtunda, ndipo kutentha kwa cigwa cino kuifooketsa. Musaiitane nokha mwa kubwera ndi mtolo wa nthambi za mtengo wosadziwika kucokera kumapiri.

Ndipo pali cacitatu, cimene anthu saciganizira. Mitengo yonse ya mai mmodzi iri ndi kufooka kumodzi. M'caka ca 1981 nthenda yofotetsa magwafa inaoneka ku Malelane ku South Africa, dziko lotentha monga lathu lino, niyiononga minda yambiri. Akatswiri anafunafuna, napeza mtundu umodzi wopirira, naucha TS-G2, naucurukitsa ndi nthambi. Ndipo alimi anapumula. Koma m'caka ca 2009 nthendayo inabweranso ndi mphamvu yina, nigwira ndi mtundu umenewo womwe. Potero musadule nthambi zonse pa mtengo umodzi, ngakhale muukhulupirira motani. Sankhani mitengo itatu kapena inai.

Kuweruza kwanga tsono ndi uku. Pamene njere zabwino za mandimu ziripo, fesani njere. Pakuti mandimu a mtundu uwu ali ndi cibadwa codabwitsa, kuti mbande zambiri za m'njere zace zifanana ndi mace ngakhale sizinacokere ku nthambi. Okani nthambi pamene njere zasowa, kapena pamene mwapeza mtengo wa padera umene simufuna kuutaya, kapena pamene munda wanu uli pafupi ndi madzi. Magwafa alola nthambi zanthete. Makangaza, mabulosi, nkhuyu za m'munda ndi mpesa zilola kosabvuta, ndipo zambiri za izi sizifunanso kumezanitsa. Mango ndi masau musadzibvute nazo; za izo ndinena kotsiriza.

MALO A NAZALE

Simusowa wokuuzani pamene madzi afika. M'caka ca 1997 anakokolola njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo. Anasefukiranso mu Januwale 2015. Mu Marici 2019, pamene anthu ambiri anasonkhana pa msasa wa ku Bangula. Mu Januwale 2022. Ndi mu Marici 2023, nthawi ya namondwe Freddy. Yang'anani cizindikiro ca madzi pa mitengo ndi pa zipupa, nimumange nazale kumtunda kwace. Kudimba kuli cinyezi ndithu, ndipo mtima ukokera komweko. Koma mbande zimene mwazilera caka cathunthu zingapite usiku umodzi. Mbande za m'macubu ziri ndi ubwino wakuti munthu angathe kuzisenza pa dengu. Ngati pamudzi ponse mpotsika, ziikeni pa nsanja.

Madzi othirira muwalawe poyamba. Zitsime ndi mijigo yambiri ya m'cigwa cino iri ndi mcere, ndipo madzi amene ng'ombe imwa osadandaula angathe kupsereza nsonga za masamba a mandimu. A mumtsinje ndi a mvula ndiwo abwino. Koma musatume ana kukatunga pa dooko la ng'ona cifukwa ca mbande. Amene alibe madzi ena koma a mcere okha afunse kwa alangizi za matsinde a Rangpur ndi Cleopatra, amene apirira mcere koposa mandimu athu. Ofesi yaikuru ya zaulimi ya cigwa cino iri ku Ngabu, ndipo za mitengo ya zipatso aziyesa makamaka ku Bvumbwe.

Mangani mpanda wa minga. Mbuzi imodzi ikwanira kumariza nazale yonse mwini ali ku maliro. Pamwamba pace mangani cisakasa ca bango kapena udzu, cotalika ngati munthu, coti dzuwa lilowe pang'ono pokha.

BOKOSI LA CINYEZI

Nthambi yodulidwa iribe mizu yomwera madzi, koma masamba ace ali kutayabe madzi. Nzeru yonse ya nchito iyi ndiyo kuisunga yosafota kufikira mizu ituruke. M'minda yaikuru ali ndi makina opemerera madzi ngati nkhungu. Koma m'caka ca 1990 Roger Leakey ndi anzace analongosola bokosi losafuna magetsi kapena mipope, limene mmisiri ali yense wa pamudzi angathe kupanga.

Mangani bokosi la matabwa kapena la njerwa, mita imodzi m'mimba mwace, mamita awiri m'litali, kuya kwace hafu ya mita kapena kuposa pang'ono. Yalani m'katimo pepala la pulasitiki losabooka, kuti lisunge madzi monga mtsuko. Pansi thirani mcenga pang'ono, kuti miyala isang'ambe pepalalo. Pamwamba pace miyala yonga nkhonya. Pamenepo timiyala tating'ono. Ndi potsiriza mcenga wa kumtsinje wotsukidwa bwino, kuya kwace ngati masentimita 10. Musaike manyowa, musaike dothi. Izo zioletsa nthambi. Pangondya imikani kansungwi kobooka kofika pa miyala, kothiriramo madzi ndi kuoneramo pamene afika. Madzi alekeze pa timiyala, asakwere mumcenga. Mcenga udzakoka wokha cinyezi cimene ufuna. Cibvundikiro cikhale ca pulasitiki yoonekera, cotseka bwino.

Wofuna mitengo isanu yokha asadzitopetse ndi bokosi. Adzaze mcenga m'cubu, aokemo nthambi, abvundikire ndi thumba loonekera kapena botolo lodula, naliike pansi pa mtengo wa mango.

Nyengo yace kuno ndiyo kuyambira Epulo kufikira Julaye, pamene kutentha kwatsika. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa la m'cigwa lipyola madigiri 40, ndipo pansi pa pulasitiki nthambi zingophikika monga ndiwo.

KUDULA NDI KUOKA

Dulani mamawa, mame asanaume. Sankhani mtengo wa masamba obiriwira bii, wopanda utomoni wocuca patsinde, wopanda nsabwe. Nthambi yoyenera ndiyo ya caka comwe cino imene yayamba kukhwima: yosati yanthete ya ngondya imene ifota pomwepo, kapena yakale ya khungwa lotuwa imene icedwa kucita mizu, koma ya pakati, yoburungira, yobiriwirabe, yonenepa ngati pensulo kapena kucepera pang'ono. Utali wace masentimita 15 kufikira 20, ndiwo ngati cikhato cotambasula, yokhala ndi mfundo zinai kapena zisanu. Mpeni ukhale wakuthwa kosafinya khungwa. Ndipo pocoka pa mtengo umodzi kunka pa wina muutsuke ndi mankhwala oyeretsera zobvala osungunula m'madzi, kapena muuwambe pamoto.

Dulani pansi peni peni pa mfundo, pakuti pamenepo mizu ifulumira kuturuka. Sadzani masamba a m'munsi, musiye awiri kapena atatu a pamwamba, ndipo amenewo muwadule pakati. Ena asadza onse, poganiza kuti athandiza nthambi. Koma masamba otsalawo ndiwo aidyetsa. Pa malekezero a pansi palani khungwa mbali imodzi, pang'ono pokha, ngati utali wa cikhadabo. Zodulazo muzifunde ndi ciguduli conyowa pomwepo, ndipo muzioke tsiku lomwelo. Ulipo ufa wa m'masitolo a zaulimi wofulumizitsa mizu. Mukaupeza, gunditsani nsonga yokha nimusase wotsala. Mandimu amera ngakhale popanda uwo, koma magwafa athandizidwa nao kwambiri.

Boolani mumcenga ndi kamtengo, lowetsani nthambi masentimita 4 kapena 5, tsinani mcenga m'mbali mwace. Cenjerani kuti musaizondotse. Maso ayang'ane kumwamba. Masamba a nthambi zoyandikana asaunjikane. Wofuna matsinde 20 aoke nthambi 40, pakuti zina zifa ngakhale m'manja mwa wodziwa.

Masiku onse mamawa tsegulani kanthawi, wazani madzi pa masamba ndi dzanja kapena kanthambi, tolani tsamba liri lonse lothothoka lisanacite cuku, nimutsekenso. Mukaona timadontho ta madzi pa cibvundikiro, zinthu ziri bwino. Ndipo pano pafunika kudziletsa: musazule nthambi masiku ndi masiku kuti muone mizu, ndipo muletse ana. Masamba atsopano sali umboni wa mizu, pakuti nthambi ingathe kuphuka ndi cakudya cimene inali naco kale. Patapita masabata 5 kapena 6 tukulani imodzi ndi kamtengo kucokera pansi. Zina zicedwa kufikira masabata 8.

M'MACUBU, NDI KUMEZANITSA

Mizu ikafika utali wa cala, okerani m'macubu akuru. Dothi lace likhale magawo awiri a dothi la pamwamba, limodzi la mcenga, ndi limodzi la manyowa oola bwino. Makande okha sayenera. Anyowa ngati phala, nauma ngati njerwa. Mizu iyi ithyoka msanga, musaikanikize. Sabata loyamba mbande zikhale mumthunzi wambiri ndi kuwazidwa madzi. Pambuyo pace muzizolowetse dzuwa pang'ono pang'ono. Siyani mphukira imodzi yokha yoongoka, muimangirire ku kamtengo, nimucotse zina zonse, kuti kathunthu kakhale kosalala.

Kathunthuko kakanenepa ngati pensulo pa msinkhu wa masentimita 20 kapena 25 kucokera pa dothi, ndipo khungwa liri kusendeka kosabvuta, nthawi yomezanitsa yafika. Kwa nthambi zooka mu Epulo, kawiri kawiri ndi m'kati mwa dzinja. Musamezanitse pafupi ndi dothi, pakuti matope odumpha ndi mvula anyamula nthenda yooletsa tsinde, ndipo malalanje aigwira msanga koposa mandimu. Cekani khungwa ngati cilembo ca T cozondoka, kuti madzi a mvula asalowemo. Sepulani diso limodzi ndi kakhungwa kace pa kanthambi ka mtengo umene munadyako zipatso zace inu nomwe, kapena kocokera ku nazale yodziwika. Lilowetseni pansi pa khungwa osaligwira pabala. Mangani ndi kansalu ka pulasitiki kuyambira pansi kukwera. Atapita masabata 3 masulani. Diso likakhala lobiriwira, lagwira. Dulani tsinde pamwamba pace, kuti mphamvu yonse ipite kwa ilo. Likada, yesaninso mbali yina.

Kuyambira tsiku limenelo mphukira iri yonse yoturuka pansi pa cilumikizo ndiyo mbala. Ithyoleni ikali yanthete. Mwamva anthu akudandaula kuti anagula mtengo wa malalanje, koma unasanduka mandimu, ndipo ena aneneza wogulitsa, ena aganizira mnansi wao. Kawiri kawiri palibe cinyengo kapena mankhwala; tsinde linaphuka, mwini sanalisadze, ndipo mandimu pokhala amphamvu anapha mnzao wa pamwamba.

Okerani m'munda mvula ya caka cinzace itakhazikika, mitengo italikirane mamita 6. Pa makande unjikani kaculu nimuoke pamwamba pace, kuti madzi asaime patsinde. Cilumikizo cikhale poyera nthawi zonse. Popeza tsinde la nthambi liribe muzu wakuya, zikani cikhomo colimba nimumangirireko mtengo, ndipo m'malimwe atatu oyamba musaumane madzi. Yalani udzu wouma pozungulira, koma usakhudze khungwa, cifukwa ca ciswe. Ndipo inu akamwini ndi onse okhala pa malo a eni, kambiranani ndi eni mbumba musanakumbe dzenje, kuti mtengo ndi wa yani; mlandu wa mtengo wobala ubvuta koposa wa mbande.

ZA MANGO NDI MASAU

Nthambi ya mango sicita mizu m'bokosi la pamudzi, ndipo sikufunikanso. Mango athu a m'midzi, monga Boloma, Domasi ndi Kalisere, ndiwo matsinde abwino, ozolowera dziko. Tengani njere za zipatso zakupsa, tsegulani cikhokho ndi mpeni mosamala, tayani iri yonse yodyedwa ndi kacirombo m'kati, nimufese msanga. Njere imodzi idzaturutsa mbande zingapo, siyani yamphamvu. Ikanenepa ngati pensulo, idule, ing'ambeni pakati pang'ono, lowetsani kanthambi kosongoledwa mbali ziwiri ka mtundu umene mufuna, monga Kent, Keitt kapena Tommy Atkins, mitundu yocokera ku Florida, nimumange. Mitundu imeneyi mukafesa njere zace simudzapeza cipatso cofanana ndi cimene munadya. Mbande ya mango isakhalitse m'cubu, kuti muzu wace waukuru ungapindike.

Masau ndiwo cuma cimene cigwa cino cinapatsidwa kwaulere, cimene cipsa m'miyezi yozizira pamene zipatso zina zasowa, ndipo cifika m'misika ya ku Blantyre. Ngakhale ndikadakonda kuti ambiri alowe m'phala la ana koposa m'mbiya ya kacasu. Mphamvu ya msau iri pa muzu wace wakuya, ndipo kuusandutsa wa nthambi ndiko kuucotsera cimene uposa naco mitengo yonse. Ku India, kumene mtengo womwewu ulimidwa m'minda, amezanitsa maso a mitundu ya zipatso zazikuru, monga Gola ndi Umran, pa matsinde omera ndi njere. Inu matsinde muli nao kale, omera okha m'malire a minda. Pa mudzi uli wonse ana adziwa msau wa zipatso zazikuru ndi zotsekemera, afunseni. Dulani msau wa zipatso zacabe pa msinkhu wa bondo pamene malimwe ali kutha, dikirani uturutse mphukira, sankhani ziwiri kapena zitatu zoongoka, ndipo zikanenepa ngati pensulo ikanipo maso a msau wokomawo monga mucitira ndi malalanje. Nthambi zaminga zimene mwadulazo muzungulize nazo citsaco, cifukwa ca mbuzi.